Amene tidamuvotera alibe kiyi: gwero la mikangano m'khonsolo ya mzinda wa Zomba

Pa maliro ena amene ndidakhalapo m'dera lina la mzinda uno wa Zomba, wotsogolera mwambo ataitana khansala kuti alankhule, mayi wina amene adakhala pafupi nane adanong'oneza mnzake kuti, "Achita bwino kubwera, tiwafunse za mlatho uja." Pochokera kumanda, anthu asanasambe n'komwe m'manja, khansalayo adazingidwa. Wina ankafunsa za mlathowo, wina za zinyalala zimene zidaunjikana pafupi ndi msika, wina za fizi ya mwana wake wa kusekondale, ndipo bambo wina wachikulire ankadandaula za malire a poloti yake. Kupatula nkhani ya fizi, imene adaiyankha popisa m'thumba mwake, khansalayo adauza aliyense mawu amodzimodzi, akuti nkhaniyo akaitula ku khonsolo. Ambiri mwa ife timamva yankho lotere ngati kuzemba. Koma amene akudziwa mmene khonsolo imayendera avomereza kuti munthuyo adanena zoona, chifukwa khansala alibe thumba la chitukuko limene amasunga yekha, alibe galimoto yonyamula zinyalala imene angailamule kuti ipite kwakutikwakuti, ndipo sangalembe kapena kuchotsa munthu ntchito. Chimene ali nacho ndi mpando m'chipinda cha zokambirana komanso voti imodzi. Mikangano yambiri imene timaimva m'makhonsolo imayambira pamenepa, poti munthu amene tidamuvotera ndiye timamupanikiza ndi mafunso, pamene kiyi wa ndalama ndi ulamuliro pa antchito zili m'manja mwa anthu ena.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mzinda wa Zomba uli ndi anthu 105,013. Anthu ochuluka chonchi sangakhale pansi pa mtengo umodzi, monga tichitira pabwalo la mfumu, aliyense n'kupatsidwa mpata wonena maganizo ake pa za msewu kapena msika. N'chifukwa chake timatumana: timasankha anthu ochepa kuti akatilankhulire ndi kutimangira mfundo kwa zaka 5. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 12, amanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo amene akuzigwiritsa ntchito adachita kusungitsidwa. Mawu oti kusungitsidwa ndi olemera, popeza wosungitsa katundu ali ndi ufulu wofunsa za katundu wakeyo nthawi iliyonse. Mutu 14 wa malamulo omwewo ndiwo umakhazikitsa maboma ang'ono, ndipo m'chaka cha 1998 mudabwera lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija tidaizolowera ndi dzina loti mphamvu ku anthu.

Pa zisankho za 2014 ndi 2019, mzinda wa Zomba udali ndi mawodi 10, ndipo ena mwa iwo ndi Chinamwali, Sadzi, Likangala, Mtiya, Masongola, Chirunga, Mpira ndi Chambo. Khonsolo ya mzinda ndi yosiyana ndi khonsolo ya boma la Zomba, imene imayang'anira madera a kumidzi monga Jali, Thondwe ndi Domasi, ngakhale anthu ambiri amazisokoneza. Wodi iliyonse imasankha khansala mmodzi, ndipo wopambana ndi amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake, ngakhale atawaposa ndi voti imodzi yokha. Lamulo loti wopambana apeze mavoti opitirira theka limakhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Tsono ngati pa wodi paima anthu 6, wopambanayo akhoza kulowa m'khonsolo anthu ambiri a m'wodiyo asanamuvotere, ndipo anzake 5 aja amakhala pomwepo, kumaliro ndi kumsika, kuwerenga zolephera zake tsiku ndi tsiku.

Kuti timvetse chifukwa chake khansala ali wochepa mphamvu chonchi, tiyenera kubwerera m'mbuyo. Zomba adali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera, zisankho zoyamba za makhansala zidachitika mu Novembala 2000, ndipo anthu amene adakavota adali pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse olembetsa. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, zisankho zina zidangokhalira kusunthidwa, mpaka pa 20 Meyi 2014 pamene tidavota koyamba zisankho zapatatu. Zomba adakwezedwa kukhala mzinda mu 2008, mkati mwa nyengo imeneyi, opanda khansala kapena meya wosankhidwa ndi anthu.

Zaka 9 zimenezi ndizo muzu wa zambiri. Ntchito za khonsolo sizidaime, misika idali kutolera ndalama ndipo mapulani a nyumba adali kuvomerezedwa, koma amene ankamanga mfundo adali akuluakulu olembedwa ntchito, mothandizana ndi aphungu ndi mafumu. Mu 2006 boma lidayambitsa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF, ndipo anthu adazolowera kuti mlatho, mjigo ndi chipinda chophunziriramo zimachokera kwa phungu. Kenaka mu 2010 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la maboma ang'ono. Mawodi adachepetsedwa, moti makhansala amene adali oposa 800 m'dziko lonse adatsika kufika pa 462 pa zisankho za 2014. Aphungu, amene poyamba ankangokhala nawo m'khonsolo popanda kuvota, adapatsidwa voti. Mphamvu yosankha mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, imene lamulo loyamba la 1998 lidaipereka kwa khonsolo yeniyeniyo, idapita kwa nduna. Makhansala pobwerera mu 2014 adapeza pamalo pawo patakhala kale anthu ena, ndipo palibe amene amanyamuka pampando mokondwa.

Khonsolo ili ndi mbali ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa m'maganizo. Mbali yoyamba ndi ya andale: makhansala, motsogozedwa ndi meya ndi wachiwiri wake, pamodzi ndi aphungu, komanso anthu 5 oimira magulu apadera monga amayi, achinyamata ndi aulumali, amene amalankhula koma savota. Mbali yachiwiri ndi ya ogwira ntchito: mkulu woyendetsa khonsolo ndi akuluakulu a nthambi za chuma, zomangamanga, mapulani a mzinda ndi zaumoyo. Andale amamanga mfundo, amavomereza bajeti ndi malamulo ang'onoang'ono a mzinda, ndipo amalondoloza ntchito. Ogwira ntchito amachita zimene zagwirizanidwa. Nkhani isanafike ku msonkhano wa khonsolo yonse, imayamba yaphikidwa m'makomiti, monga ya zachuma, ya zomangamanga, ya zamaphunziro ndi ya zaumoyo ndi chilengedwe. Papepala malirewa amaoneka bwinobwino, koma pa ntchito yeniyeni amafufutika msanga.

Mkangano woyamba umabuka makhansala akangolumbira, posankha meya. Ife anthu wamba sitivotera meya; amasankhana okhaokha, ndipo m'mizinda mpandowu umakhala wa zaka ziwiri ndi theka, kutanthauza kuti m'nyengo imodzi ya makhansala chisankhochi chimachitika kawiri. M'khonsolo ya anthu 10, mavoti 6 ndi okwanira kupereka mfumu ya mzinda wa anthu oposa 100,000. Voti ya munthu mmodzi imakhala yamtengo wapatali, ndipo khansala woima payekha amasanduka mkamwini wofunidwa pakhomo lililonse. Zomba ndi dera limene zipani zingapo zili ndi mizu, monga UDF, DPP ndi PP, kuonjezapo MCP ndi UTM, choncho si zachilendo kuti chipinda chikhale chosakanikira. Malonjezo amene amaperekedwa usiku chisankho chisanachitike, a upampando wa komiti yakuti kapena ulendo wakuti, ndiwo amadzabala udani pambuyo pake akapanda kukwaniritsidwa. Ndipo chifukwa chisankho china chimakhala chili pafupi, kampeni ya m'kati simatha, moti mfundo yabwino ikhoza kukanidwa pongofuna kuti mwini wake asatchuke.

Palinso chipani. Makhansala ambiri amafika pa pepala lovotera kudzera m'zisankho za chipulula za chipani chawo, ndipo amadziwa kuti akafuna kudzaimanso adzadutsa pakhomo lomwelo. Tsiku limene zofuna za chipani zasemphana ndi zofuna za wodi, munthuyo amakhala pamphambano, ndipo amene amamulanga msanga ndi chipani, popeza ovota amayenera kudikira zaka 5.

Mkangano umene wamveka kwambiri m'dziko lonse ndi wa phungu ndi khansala. Akuluakulu adati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo apa khola lake ndi limodzidi, chifukwa dera la phungu limaphatikiza mawodi angapo, ovota ake ndi omwewo, maliro ndi zikwati zake ndi zomwezo. Phungu amaona khansala wolimbikira ngati munthu amene akunola mpeni wodzamulanda mpando, ndipo kawirikawiri saphonya, poti makhansala ambiri amalakalakadi uphungu. Pakati pawo pakhala pali thumba la CDF. Ndalamazi zimadutsira ku akaunti ya khonsolo, ndipo amene amayankha mafunso a olondoloza chuma cha boma ndi ogwira ntchito a khonsolo, koma kwa zaka zambiri mawu omaliza pa zoti zimangire chiyani ndiponso kuti adali a phungu. Pofika mu 2024 thumbali lidali litakwera kufika pa K200 miliyoni pa dera lililonse pachaka. Khansala amene wodi yake idagwirizana kuti chofunika choyamba ndi ngalande, ankatha kungodzidzimuka mchenga ndi njerwa zikutsitsidwa pamalo ena, pa ntchito imene sidadutse m'komiti iliyonse.

Bungwe la makhonsolo onse la MALGA lidatengera nkhaniyi kukhothi, ndipo mu Meyi 2025 khothi lalikulu, litakhala ngati bwalo lotanthauzira malamulo aakulu a dziko, lidagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo komanso kulowerera kwawo m'kayendetsedwe ka CDF n'kosemphana ndi malamulowo. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene adasungapo ndalama za gulu. Phungu ndiye amavomereza bajeti ya dziko, ndipo ndiye ali ndi udindo wofunsa mmene ndalamazo zayendera. Ngati yemweyo akusankhanso ntchito ndi kuloza amene aigwire, adzadzifunsa yekha bwanji? Ine ndikuona kuti chigamulochi chidakhudza pachilonda penipeni, ngakhale aphungu ali ndi dandaulo lawo limene si lopanda pake. Iwo amati pa tsiku lovota anthu sawafunsa za malamulo amene adapanga ku Lilongwe, amawafunsa za milatho. Malinga ngati ife ovota tikuyeza phungu ndi muyezo wa khansala, phungu adzapitiriza kulimbirana ntchito ya khansala.

Mkangano wina sumveka kwambiri pawailesi, koma ndi umene umadya ntchito tsiku lililonse, ndipo ndi wa makhansala ndi ogwira ntchito. Mkulu woyendetsa khonsolo adaikidwa kuchokera ku likulu, ndipo amene angamusamutse ali ku likulu komweko, choncho maso ake amayang'ana kumtunda kuposa m'chipinda cha makhansala. Iyeyo ndi anzake ndi anthu amene adaphunzira za kawerengedwe ka chuma, zomangamanga ndi malamulo ogulira katundu wa boma, ndipo ndiwo amalemba zikalata zimene makhansala amakambirana. Khansala, amene mwina ndi wabizinesi wa pamsika kapena mphunzitsi wopuma, salandira malipiro monga wolembedwa ntchito koma kangachepe ka mwezi ndi maalawansi a misonkhano. Akapatsidwa chikalata chochindikala cha m'Chingerezi, chodzaza ndi manambala, nthawi yowerenga ili yochepa, kulondoloza kwake kumathera pa kukweza dzanja. Akayamba kukayika popanda umboni, zimasanduka zolozana zala, ndipo m'makhonsolo ena m'dziko muno zafikapo poti makhansala atseke maofesi pofuna kuti mkulu wakutiwakuti achoke. Nawo ogwira ntchito ali ndi mlandu wawo pa andale. Amati makhansala ena safuna kulondoloza koma kulowa m'khitchini, kuti kontalakiti ipite kwa mnzawo, benchi la mumsika lipite kwa wachipani, ndipo poloti ipite kwa mbale. Madandaulo awiriwa akhoza kukhala oona nthawi imodzi.

Pansi pa zonsezi pali kuchepa kwa ndalama. Khonsolo ya mzinda imadalira msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za m'misika, malaisensi a bizinesi ndi ndalama za kudepoti, kuonjezapo zimene boma limatumiza kudzera ku komiti yoona za chuma cha maboma ang'ono. Ndondomeko ya 1998 idalonjeza kuti makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse imene boma latolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimene zimafika n'zochepera apo ndiponso zimachedwa. Zomba ali ndi vuto lakelake. Kuno kulibe mafakitale ambiri ngati ku Blantyre, ndipo nyumba zikuluzikulu zambiri ndi za boma: yunivesite ya Malawi ku Chirunga, Cobbe Barracks, ndende yaikulu, chipatala chachikulu ndi cha odwala matenda a maganizo, MANEB, ofesi ya kalembera ndi malo osindikizira mabuku a boma. Mzinda wotere chuma chake chimadalira kwambiri kuti boma lizilipira msonkho wake pa nthawi yake, pamene boma lomwelo ndilo limasankha mkulu wa khonsolo amene akuyenera kukalitsata ngongole. Ndalama zotoleredwa zikathera ku malipiro, mafuta ndi magetsi, zotsala za chitukuko zimakhala zochepa, ndipo mawodi onse amayang'ana mbale imodzi. Kuonjezera apo, zambiri zimene anthu amadandaula nazo si za khonsolo n'komwe. Madzi a ku Mulunguzi amagawidwa ndi Southern Region Water Board, magetsi ndi a ESCOM, ndipo msewu wa M3 umene umadutsa pakati pa tauni uli pansi pa Roads Authority. Mpopi ukauma, amene amagogoderedwa pakhomo ndi khansala.

Nkhani ya malo ndiyo imaonetsa bwino kuchuluka kwa eni mzinda. M'tauni imodzi muli malo a unduna wa zamalo, a Malawi Housing Corporation, a khonsolo, ndiponso malo amene mafumu akhala akugawa kuyambira kale. Lamulo la mafumu la 1967 silipereka mphamvu kwa mfumu mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, koma aliyense wa ku Zomba akudziwa kuti maliro akagwa timayamba kwa amfumu, ndipo mlandu wa malire umayambira komweko. Mzinda udakula n'kumeza midzi imene idalipo kale, ndipo mafumu ake sadachoke. Khansala wanzeru sayambana ndi mfumu, chifukwa mfumu imakhala, pamene iye ndi wa zaka 5.

Komabe si mkangano uliwonse umene uli matenda. Matako saleka kuperesana, ndipo khonsolo idapangidwa kuti kuperesana kwa anthu okhala pamodzi kuzichitikira pamalo oonekera. Taganizirani za amayi awiri ogulitsa tomato. Wina ali mkati mwa msika waukulu, amadula chiphaso tsiku lililonse, ndipo amaona makasitomala akutsekerezedwa panja. Wina wayala thumba lake m'mbali mwa msewu pafupi ndi depoti, chifukwa mumsika adasowa malo kapena chifukwa kumeneko n'kumene kumadutsa anthu, ndipo ana ake adya usiku umenewo pokhapokha tomatoyo atagulidwa. Onsewa ndi ovota, onsewa akunena zoona, ndipo woyenda pansi amene akukankhidwira pamsewu pakati pa minibasi ndi njinga za kabaza naye ali ndi mbali yake. Boma lidachotsapo mavenda m'misewu ya m'mizinda mu 2006, koma nkhaniyi imabwererabe, popeza gwero lake ndi kusowa kwa ntchito ndi kuchepa kwa malo ogulitsira. N'chimodzimodzi ndi nyumba zimene zikukwera m'mapiri ndi zimene zili m'mphepete mwa Likangala. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adationetsa zimene madzi amachita akapeza nyumba panjira yake, koma khansala amene anganene kuti anthu asamuke akulankhula za mabanja amene adamuvotera, amene alibe kwina kopita. Pa nkhani zotere, makhansala akamakangana mpaka mawu kukwera, ndiye kuti akugwira ntchito imene tidawatuma. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi msonkhano umene mfundo zonse zimadutsa mwakachetechete, chifukwa nthawi zambiri zimatanthauza kuti nkhani idathera kwina, kumene ife sitingamve.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi ya mikangano n'kovuta kwa munthu amene ali kunja, popeza yonse imamveka ngati phokoso. Njira yake ndi kufunsa chimene akulimbirana. Ngati akulimbirana kuti ndalama zochepa zimene zilipo ziyambire ku Sadzi kapena ku Mtiya, kapena kuti chiphaso cha mumsika chikwere kapena ayi, nkhaniyo ndi yathu, ndipo mbali iliyonse ikuimira anthu enieni. Ngati akulimbirana ulendo, alawansi kapena kontalakiti, ndiye kuti mpando umene tidawasungitsa ausandutsa munda wawo.

Funso lotsala ndi la zimene wovota angachite pakati pa chisankho ndi chinzake. Malamulo aakulu a dziko adali ndi ndime 64, imene inkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, koma idachotsedwa mu 1995, ndipo palibe njira yotere imene ovota angachotsere khansala. Chotsala ndi kulondola nkhani m'njira imene imayenda. Mlatho ngati uja amaufunsa mayi wa pamaliro umayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'wodi, ulowe m'ndondomeko ya chitukuko cha mzinda, uunikidwe ndi komiti ya zomangamanga, upezeredwe ndalama ndi komiti ya zachuma, uvomerezedwe ndi khonsolo yonse, kenaka ogwira ntchito aitanitse makontalakitala. Pa sitepe iliyonse pamatsala zolemba. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yololedwa kuti anthu akamvere nawo, pokhapokha khonsoloyo itagwirizana zokambirana nkhani ina mseri, ndipo kuyambira pa 30 Sepitembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito, moti nzika ikhoza kulemba kalata yopempha bajeti, zolemba za msonkhano kapena mtengo wa ntchito imene yagwiridwa. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, choncho bajeti imakonzedwa m'miyezi ya dzinja, nthawi yomwe Likangala amadzaza ndipo ana a sukulu amaima kutsidya kudikira kuti madzi aphwe. Mlatho umene sudalowe m'bajeti ya miyezi imeneyo, kawirikawiri umadikira dzinja linanso.